Ntchito Yopanda Malipiro: Kodi Ana Athu a ku Yunivesite Akufunako Chiyani?

Sukulu za ukachenjede zikatsekera, midzi yathu ya m'mbali mwa nyanja imalandira ana ake amene anapita kukaphunzira ku Zomba, ku Blantyre, ku Bunda, ku Thyolo ndi ku Mzuzu. Makolo amayembekezera kuti mwanayo akafika apume masiku angapo, kenaka athandizeko kuyanika usipa pa thandala, kusunga kagolosale, kapena apeze kaganyu koti kapepuze mtolo wa fizi ikubwerayo. Koma masiku ano m'makomo ambiri mukuchitika zina. Mwana akudzuka m'mamawa, nasita malaya ake, napita kukaphunzitsa masamu pa sekondale yoyendera yapafupi, kapena kukathandiza kulemba mayina a ana ku sikelo, kapena kuyenda m'madoko pamodzi ndi alangizi a zaumoyo kuphunzitsa asodzi za kolera ndi likodzo. Madzulo akubwera ali wotopa ndi wanjala ngati munthu aliyense wa pa ntchito. Mwezi ukatha palibe chimene wabweretsa.

Pamenepo bambo, amene mwina anagulitsa chilimira kapena injini ya boti kuti mwanayo akalowe sukulu, amafunsa funso limene ife aphunzitsi a m'madrasa talimva kambirimbiri pa khonde la mzikiti: "Kodi ndalama zonse zija tinawononga kuti mwanayu akaphunzire kugwira ntchito yaulere?"

Funso limeneli si la umbuli ayi, ndipo sitikufuna kuliyankha ngati la umbuli. M'mabanja ambiri a Chisilamu ku Mangochi, ku Machinga, ku Salima ndi ku Nkhotakota, mwana amene ali ku yunivesite lero ndiye woyamba pa mtundu wonse kufika kumeneko. Chifukwa chake tonse tikuchidziwa. Pa nthawi ya atsamunda sukulu zambiri zinali m'manja mwa mamishoni, ndipo agogo athu ambiri anasankha kusunga ana awo pakhomo poopa kuti akasintha dzina ndi chipembedzo. Pamene University of Malawi inkayamba kuphunzitsa mu 1965, madera athu anali atatsalira kale m'mbuyo pa maphunziro a kusukulu. Tsono mwana amene wapyola chipata chimenecho sanyamula tsogolo lake lokha. Kumbuyo kwake kuli azing'ono ake ofuna yunifolomu, mayi ofuna denga la malata, ndi amalume amene anasonkha nawo ndalama ya basi.

Palinso china chimene tinachiyamwira ngati Amalawi. Mawu akuti thangata poyamba anali mawu abwino, otanthauza kuthandizana pa ntchito pakati pa anansi. Azungu a minda ikuluikulu ya ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu anawatenga mawuwo nawasandutsa dzina la ntchito yokakamiza, imene munthu ankagwira ngati lendi ya malo amene wamangapo nyumba. Thangata anali chimodzi mwa zinthu zimene zinautsa mkwiyo wa John Chilembwe ndi anthu ake mu 1915, ndipo sanathe mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Kenaka mu ulamuliro wa Dr. Kamuzu Banda kunabwera Youth Week, sabata imene chaka ndi chaka ana a sukulu ndi achinyamata ankalambula misewu, kuumba njerwa ndi kukonza nyumba za okalamba. Ntchito zambiri zabwino zinagwirika m'sabata imeneyo, koma panalibe wokufunsa ngati ukufuna kapena ayi, poti a Payoniya anali pomwepo. Zinthu zitasintha mu 1994, anthu ambiri anayamba kutchula ntchito iliyonse ya chitukuko yopanda malipiro kuti ndi thangata. Bambo amene anakula ndi mbiri yotereyi akamva kuti mwana wake akugwira ntchito yaulere, khutu lake limamva kuti mwanayo akudyeredwa masuku pamutu.

Mtima umodzi, zifukwa zambiri

Tikawafunsa anawo chifukwa chimene amachitira zimenezi, yankho loyamba limakhala lokoma: akufuna kuthandiza anthu a kwawo. Tikacheza nawo kanthawi, tiyi n'kuzirala, mayankho ena amayamba kutuluka. Wina akuti pakhomo amasungulumwa, poti anzake onse a ku pulayimale ali pa banja kapena ali ku Joni. Wina akuti akufuna kudziwa ngati uphunzitsi angauthe asanamalize digiri ya zaka zinayi. Wina akuti fizi yake akumulipirira ndi mabungwe othandiza ophunzira osowa monga Islamic Zakaat Fund, ndipo ngongole ya mumtima imeneyi siimupatsa mtendere akangokhala. Ndipo pafupifupi onse pomaliza amanena motsitsa mawu, ngati akuulula tchimo, kuti akufunanso kalata yoti adzaonetse pofunsira ntchito.

Zimenezi si za kuno kokha. Mu 1998 akatswiri awiri a ku America ofufuza za maganizo a anthu, E. Gil Clary ndi Mark Snyder, pamodzi ndi anzawo, anasindikiza kafukufuku amene anaika zifukwa zodziperekera m'magulu 6. Pali kudzipereka chifukwa cha chifundo ndi zimene munthu amakhulupirira. Pali kufuna kuphunzira zinthu zimene m'kalasi mulibe, kufuna kukhala pamodzi ndi anzako kapena kukondweretsa anthu amene umawalemekeza, ndi kufuna kutsegula khomo la ntchito. Ziwiri zomaliza ndi za mumtima: kuthawa nkhawa kapena manyazi oti iwe unachita mwayi pamene anzako sanachite, ndi kufuna kudzimva kuti ndiwe munthu wofunika. Iwo anapeza kuti munthu mmodzi amakhala ndi zifukwa zingapo nthawi imodzi, ndiponso kuti amene wapeza pa ntchitoyo chimene anabwerera ndiye amakhutira nafuna kupitiriza. Tikaika mayankho a ana athu aja pambali pa magulu amenewa, palibe yankho limene likusowa malo.

Achikulire ena akukumbukira aphunzitsi achizungu a Peace Corps amene anayamba kufika m'dziko muno mu 1963. Gulu limenelo linabadwira pa yunivesite. Pa 14 Okutobala 1960, cha m'ma 2 koloko usiku, John F. Kennedy, amene pa nthawiyo ankapikisana nawo pa mpando wa pulezidenti wa America, anafika pa University of Michigan napeza ophunzira zikwizikwi akumudikira, ndipo anawafunsa ngati angalole kukatumikira m'mayiko osauka. Ophunzirawo anasonkhanitsa mayina a anthu ofuna, ndipo mu Malichi 1961 Peace Corps inakhazikitsidwa. Ambiri anabwera ndi mtima wothandiza ndithu. Komabe boma lawo linkawapatsa ndalama ya chakudya ali kuno, ndalama ina pobwerera kwawo, ndi mwayi wapadera pofunsira ntchito za boma. Nkhondo ya ku Vietnam itakula, anyamata ena anaonanso kuti kugwira choko mu Africa kuli bwino kusiyana ndi kukagwira mfuti. Kodi ana amene anaphunzitsidwa ndi anthu amenewa anataya chiyani chifukwa cha zifukwa zosakanikirana za aphunzitsi awo? Masamu amene anaphunzira anali masamu basi.

Za kalata ija

Mwana amene akufuna kalata waiwerenga bwino nyengo. Tsegulani nyuzipepala pa tsamba lolengeza ntchito: pafupifupi paliponse akufuna munthu amene anagwirapo kale zaka ziwiri kapena zitatu. Nanga womaliza kumene sukulu zaka zimenezo azitenga kuti? Omaliza maphunziro nawonso achuluka. Kale kunali yunivesite imodzi yokha. Lero kuli za boma zingapo, kuphatikizapo zitatu zimene zinatuluka pamene University of Malawi inagawidwa mu 2021, ndi zina zambiri za mipingo ndi za anthu wamba. Mu 2018 boma linayambitsa ndondomeko yotenga omaliza maphunziro kuti akaphunzire ntchito m'maofesi ake kwa kanthawi ndi kualipira ka alawansi, koma malo sanakwanire onse ofuna. Pamenepa mzere umodzi pa CV wonena kuti mwanayo anaphunzitsako Folomu 2 kwa miyezi itatu ukhoza kukhala umene ungamuyitanitse ku intaviyu.

Koma kalata yokha kodi imamufikitsa munthu pati? Mu 2010 Femida Handy wa ku University of Pennsylvania ndi anzake anasindikiza zotsatira za mafunso amene anafunsa ophunzira oposa 9,000 a m'mayunivesite a mayiko 12. Anapeza kuti m'mayiko m'mene mabwana ndi masukulu amayang'ana ngati munthu anadziperekapo, ophunzira odzipereka amachuluka. Anapezanso kuti ophunzira amene cholinga chawo chachikulu ndi kukometsa CV amapereka nthawi yochepa poyerekeza ndi anzawo. Kalata imamukokera munthu pakhomo, koma siimusunga m'nyumbamo nthawi yaitali.

Aliyense amene anayang'anirapo achinyamata odzipereka sangadabwe nazo. Timamudziwa uja amabwera tsiku loyamba ndi tsiku lojambulitsa, masiku apakati ali ndi maliro osatha. Timamudziwanso uja anabwera akunena poyera kuti akufuna kalata, koma patatha masabata atatu wayamba kutsalira ndi ana awiri amene kugawa kukuwavuta, ndipo tchuthi chinacho akubweranso kalata ali nayo kale m'chikwama. Chifukwa chimene munthu walowera ndi chimene wakhalira si chimodzi nthawi zonse, ndipo n'chifukwa chake ife sitimuthamangitsa wofuna kalata.

Nkhani ikafika pa za mumtima, Msilamu aliyense amakumbukira niya. Si mwangozi kuti Imam Bukhari anatsegula buku lake ndi hadith yonena za niya, ndiponso kuti Imam Nawawi anaiyika poyambirira pa mahadith makumi anayi amene ana athu amaloweza. Choncho ophunzira ena, makamaka okonda dini, amavutika nazo: ngati ndikufunako kalata, kodi ntchito yangayi siyasanduka riya?

Apa tiyenera kusiyanitsa. Riya ndi kuchita chabwino kuti anthu akuone ndi kukutama. Kufuna phindu lovomerezeka pambali pa chabwino chimene ukuchita ndi nkhani ina. Qur'an m'sura ya Al-Baqara inamuloleza wopita ku Hajj kuchita malonda pa ulendo wake, ndipo kwa zaka mazanamazana anthu akhala akunyamula katundu wogulitsa popita ku Makka popanda wowauza kuti Hajj yawo yawonongeka. Imam Ghazali, amene anamwalira mu 1111, analemba zambiri pa za niya yosakanikirana, ndipo maganizo ake anali oti tiyang'ane mbali imene yalemera: ngati kufuna chiyanjo cha Allah kwalemera kuposa chinacho, munthuyo ali ndi thawabu molingana ndi kulemerako. Uku sikuti n'kumasula chingwe. Ndi kumuuza mwana kuti adziyeze yekha tsiku ndi tsiku, m'malo mosiya ntchito yabwino poopa kuti mtima wake sunayere mokwanira.

Ngakhale malipiro enieniwo sadetsa ntchito yotumikira anthu. Abu Bakr (RA) atasankhidwa kukhala Khalifa mu 632, anapezeka akupita kumsika ndi nsalu zake zogulitsa monga mwa masiku onse, ndipo Maswahaba anzake anaona kuti sangathe kuyendetsa zinthu za Asilamu uku akusaka chakudya cha banja lake, choncho anamuikira malipiro ochokera m'thumba la boma. Pambuyo pake maulama anatsutsana ngati n'kololedwa kulandira malipiro pophunzitsa Qur'an. Imam Malik ndi Imam Shafi'i analoleza. Imam Abu Hanifa analetsa, koma maulama a mazhabu ake a m'zaka za m'tsogolo anadzaloleza, ataona kuti thandizo limene aphunzitsi ankalandira kale linali litatha, ndipo akapanda kulipidwa ana asowa wowaphunzitsa. Nkhani imeneyi ife a m'madrasa timaidziwa osati ndi mutu wokha komanso ndi mimba. Tsono bambo uja amene akufuna kuti mwana wake adzalipidwe sakupempha chinthu chachilendo m'dini.

Malipiro akachoka, chimatsala n'chiyani?

Apa ndipo pagona nkhani yathu. Donald Super, katswiri wa ku America wa za m'mene anthu amasankhira ntchito, anasindikiza mu 1970 mndandanda wa zinthu 15 zimene anthu amafuna pa ntchito. Zina ndi zozungulira ntchitoyo: malipiro, kukhazikika kopanda mantha oti mawa uchotsedwa, ulemu pamaso pa anthu, malo abwino ogwirirapo, bwana wachilungamo, anzako ogwirizana nawo. Zina ndi za m'kati mwa ntchito yeniyeniyo: kuthandiza anthu, kugwiritsa ntchito nzeru, kupanga chinthu chatsopano, kuona kuti chimene unayamba chatheka. Palibe munthu amene amafuna chimodzi chokha, ndipo palibe chimene chili chonyansa pa mndandandawo. Anthu amasiyana pa chimene amaika pamwamba pamene ziwiri zawombana, monga pamene ntchito ya malipiro abwino ili yopanda phindu kwa wina aliyense, kapena pamene ntchito yothandiza anthu ili kumudzi kopanda magetsi.

Pa ntchito yolipidwa n'kovuta kudziwa chimene munthu waika pamwamba, chifukwa malipiro amaphimba zonse. Namwino wachifundo ndi namwino wongodikira mapeto a mwezi onse amafika 7 koloko m'mawa atavala zoyera. Ntchito yongodzipereka imachotsa malipiro pa sikelo, ndipo chimene chatsala chimaonekera poyera, kwa mwanayo ndi kwa makolo ake omwe ngati ali ndi maso.

Onani kumene mwana amathamangira pamene palibe womutuma. Wina mosazindikira amapezeka kuti ndiye wagwira kope ndi cholembera, akugawa anzake m'magulu ndi kuwerengera ndowa. Ameneyo amakonda kuyendetsa zinthu, ndipo ofesi idzamukomera. Wina sakonda misonkhano, amafuna kukhala pansi ndi wodwala mmodzi kapena mwana mmodzi. Wina amasangalala pamene pali chinthu chovuta choti achiganizire, mpope wowonongeka kapena mawerengero osagwirizana, ndipo chikatheka chidwi chimatha. Wina amangofuna kumene kuli galimoto yolembedwa dzina la bungwe ndi malaya ogawa. Sitikunena kuti womalizayu ndi mwana woipa. Tikunena kuti ulemu wa pamaso pa anthu ndiwo waika pamwamba, ndipo n'kwabwino kuti adzidziwe msanga asanasankhe ntchito imene ulemu wake suoneka.

Nthawi zina chimene mwana amapeza n'chakuti ntchito imene ankailota si yake. Mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 ndi kupitirira mu 2023 unagwira anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Mangochi inali pakati pa maboma amene anavutika kwambiri. Mliriwo usanathe, mu Malichi 2023, namondwe Freddy anagwetsa matope ndi miyala pa nyumba za anthu ku Chilobwe ndi madera ena a chigawo cha kum'mwera, napha anthu mazanamazana. Pa nthawi ngati zimenezo manja olipidwa sakwanira, ndipo achinyamata ongodzipereka amagwira ntchito imene ilibe kukoma kulikonse: kuthira klorini m'zidebe, kuchapa zofunda za odwala, kunyamula matumba a ufa, kulemba mayina m'misasa. Wophunzira amene waima tsiku lathunthu m'tenti ya odwala kolera amatulukamo akudziwa chinthu chimene mayeso a m'kalasi sangamuuze. Wina amatuluka atatsimikiza kuti za chipatala ndi zake. Wina amatuluka atadziwa kuti sangapirire, ndipo kudziwa kumeneku n'kwa mtengo wapatali ngati kwabwera m'chaka choyamba cha maphunziro, osati atamaliza zaka zisanu za fizi.

Ife a kunyanja nkhani imeneyi ikutikhudza kuposa anthu a m'tauni. Ophunzira udokotala a ku College of Medicine, imene tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, akhala akubwera ku Mangochi kwa zaka zambiri kudzaphunzira za umoyo wa anthu a m'midzi. Koma kubwera masabata angapo ndi kuvomera kukhala n'zosiyana. Tonse tikudziwa m'mene zimavutira kuti mphunzitsi wa sayansi kapena dokotala akhazikike ku malo akutali ngati Makanjira. Ambiri akangofika amayamba kulemba makalata opempha kusamutsidwa. Amene adzakhalako ndi amene pa mndandanda wake kuthandiza anthu kuli pamwamba ndithu, ndipo mtima umenewo suyamba tsiku lolandira kalata ya ntchito. M'mera mpoyamba. Mwana wathu amene lero akuphunzitsa mwaulere pa sekondale yoyendera ya kwawo mwina ndiye yekhayo amene zaka zisanu zikubwerazi sadzathawa sukuluyo. Tikamunyoza lero kuti akutaya nthawi, tisadzadandaule mawa kuti ophunzira athu onse anathera ku Lilongwe.

Wina anganene kuti ngati zili zabwino chotere, bwanji osangolamula ophunzira onse? Mayiko ena anatero. Ku Nigeria kuyambira mu 1973 omaliza maphunziro a ukachenjede amatumikira dziko chaka chimodzi, kawirikawiri kutali ndi kwawo. Ku Indonesia mayunivesite ambiri kuyambira m'zaka za m'ma 1970 amatumiza ophunzira kukakhala ndi kugwira ntchito m'midzi asanalandire digiri. Phindu lake lilipo. Komabe mu 1999 Arthur Stukas pamodzi ndi Snyder ndi Clary aja anaonetsa kuti ophunzira amene analibe chidwi poyamba, akakakamizidwa, mtima wofuna kudziperekanso m'tsogolo umachepa. Ife amene makolo athu anadutsa mu Youth Week sitikusowa womasulira. Ndipo lamulo likalowa, galasi lija limasweka: simungadziwenso chimene mwana amakonda poona ntchito imene sanaisankhe.

Pamene bambo uja akunena zoona

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Alipo mabungwe, masukulu a anthu wamba ndi maofesi amene aona kuti omaliza maphunziro ndi ambiri ndipo ali pa njala ya kalata, choncho amawagwiritsa ntchito ya tsiku lonse, mwezi ndi mwezi, powalonjeza kuti malo akapezeka adzakhala oyamba. Malo sapezeka. Chaka chikatha amabwera wina watsopano. Sukulu imene ikulipiritsa makolo fizi koma mphunzitsi wake ndi wongodzipereka, kapena ofesi imene ili ndi ndalama ya mafuta a galimoto ya bwana koma ilibe ya basi ya mwana amene akulemba malipoti ake onse, imeneyo ikuchita thangata weniweni ngakhale itamutcha dzina lokoma. Kholo lili ndi ufulu wofunsa: ntchitoyi ikuthandiza ndani, itha liti, akukuphunzitsa ndani, ndipo anthu ena amene akugwira ntchito yomweyo akulipidwa kapena ayi? Mwana akasowa mayankho, bambo anali ndi mfundo.

Palinso kupanda chilungamo kwina kumene sikuonekera msanga. Kudzipereka kumafuna ndalama. Pamafunika ya basi kapena kabaza, sopo wochapira malaya, ndi kanthu ka masana. Mwana wa munthu wa pa ntchito m'tauni akhoza kukhala miyezi isanu ndi umodzi pa ofesi ya bungwe lalikulu osalandira kanthu, poti kunyumba kuli chakudya. Mwana wa mlovi tchuthi chake ayenera kupalasa nawo bwato kapena kugulitsa kaunjika kuti apeze ya lendi ya kusukulu. Pa tsiku la intaviyu woyamba uja amaoneka ngati wachifundo ndi wakhama, wachiwiri amaoneka ngati sanachitepo kanthu, chonsecho iye ndiye wakhala akudyetsa banja. Amene ali ndi mwayi wolemba anthu ntchito pakati pa awerengi athu aikumbukire mfundo imeneyi, ndipo ana athu aphunzire kulemba ntchito zoterezi pa CV mopanda manyazi. Kusunga mabuku a ndalama a gulu la asodzi kwa miyezi itatu ndi ntchito ndithu.

Kwa atsikana chopinga chimakhala china. Makolo amaopa za ulemu ndi chitetezo cha mwana, ndipo mantha amenewo ali ndi maziko. Njira yake si kumutsekera m'nyumba pamene mlongo wake akusonkhanitsa makalata. Mayi kapena bambo apite akaone malowo, adziwe womuyang'anira ndi nthawi yoweruka. Ku sikelo, ku wodi ya amayi ndi m'kalasi ya atsikana a Sitandade 8 ndi kumene mtsikana wa ku yunivesite akufunika kwambiri, poti ana aakazi a m'mudzi akamuona amaona kuti njirayo ndi yopitika.

Za alawansi tingonenako pang'ono. Dziko lathu linazolowera kuti msonkhano uliwonse uthe ndi kusayina ndi kulandira envulopu, mpaka anthu ena safika pa maphunziro oteteza miyoyo ya ana awo omwe ngati palibe ya m'manja. Wophunzira amene funso lake loyamba ndi lakuti "pali kangachepe?" watengera akulu ake. Kumubwezera ndalama ya basi ndi chilungamo. Koma kumuzoloweretsa kuti phazi lisasunthe popanda envulopu ndiko kulera mkulu wa ofesi amene mawa fayilo yanu siidzayenda popanda ya fanta.

Makomiti a mizikiti, a madrasa ndi a masukulu ali ndi mbali yawo pamenepa, ndipo si yodula. Ophunzira akabwera pa tchuthi, ambiri safuna kupemphedwa kawiri. Chimene amasowa ndi ntchito yodziwika bwino, yoyamba tsiku lakuti ndi kutha tsiku lakuti. Komiti ikhoza kumufunsa aliyense chimene akuphunzira ndi chimene akufuna kupeza, nimupatsa ntchito yogwirizana nacho: wa akawunti aunike buku la zopereka, wa zaulimi ayende ndi kalabu ya amayi ku dimba, wa uphunzitsi atenge ana olemba mayeso masana madrasa isanayambe. Mbale ya nsima masana ikhoza kuchokera m'makomo mosinthana, kuti mwana wa mlovi nayenso athe kubwera.

Ndipo kalata ija ilembedwe, koma ikhale yonena zoona. Kalata imene imatamanda aliyense mofanana, wobwera masiku awiri ndi wobwera masiku makumi anayi, imamubera wakhama ndi kumuphunzitsa waulesi kuti pepala limapezeka popanda thukuta. Ndiponso mabwana akazindikira, makalata onse ochokera pa komiti imeneyo amasanduka opanda ntchito. Ilembe masiku amene mwanayo anabwera, ana angati anaphunzitsa, phunziro lanji, ndi dzina la amene ankamuyang'anira. Kuti zimenezi zitheke pamafunika kope limodzi lolembamo obwera tsiku ndi tsiku, limene mlembi wa komiti akhoza kulisunga m'kabati momwe muja amasungamo buku la zopereka za Ijumaa.